Kufufuza Chomwe Chimadetsa Sikirini pa Kompyuta Yatsopano ya Windows ndi Linux

Ndemanga ya lero ikukhudza anthu amene amadzilumikizira okha kompyuta pogula zipangizo zake chimodzichimodzi, kenako n'kuikamo mapulogalamu awiri oyendetsera makina, kawirikawiri Windows ndi Linux, kuti azisankha imodzi poyatsa, kakonzedwe komwe amisiri amakatcha dual-boot. Vuto lomwe limawasowetsa mtendere ambiri mwa iwo ndi lakuti sikirini imangoda mwadzidzidzi, kapena chithunzi chimauma osasunthanso, kapenanso makina amazima n'kudziyatsa okha, makamaka pamene munthu akusewera gemu kapena akukonza vidiyo. Popeza khadi lotulutsa zithunzi, lotchedwa GPU, ndilo limadya ndalama zambiri pa makina otere, eni ake amathamangira kuliloza chala, ngakhale kuti nthawi zambiri limakhala lilibe mlandu.

Mwini kompyuta yotere ali ndi mwayi womwe ena alibe, chifukwa ali ndi mboni ziwiri zosauzana zonena. Windows ndi Linux zimagwiritsa ntchito zipangizo zomwezo, koma iliyonse imalamula khadilo kudzera mwa dalaiva wakewake, ndiye kuti kapulogalamu komwe kamapereka malangizo ku chipangizo. Choncho vuto likamaoneka mbali imodzi yokha, woyamba kukayikiridwa ndi dalaiva wa mbali imeneyo, koma likamaoneka mbali zonse ziwiri pamene makina apatsidwa ntchito yolemera mofanana, maso ayenera kutembenukira ku zipangizo zenizenizo.

Ku mbali ya Linux, gwero la vuto kawirikawiri ndi lakuti khadi ndi latsopano kuposa kernel, yomwe ndi phata la pulogalamuyo, kapena lakuti makina akuyendetsa khadi la Nvidia ndi dalaiva wa nouveau, yemwe sanalembedwe ndi kampani yopanga khadilo. Kulemba mawu akuti nomodeset pa GRUB, pomwe munthu amasankhira pulogalamu yoti ayatse, kumathandiza kuti sikirini ioneke mpaka dalaiva woyenera ataikidwa; komabe dalaiva woyenerayo akhoza kukanidwa ndi Secure Boot, chitetezo chomwe chimaletsa mapulogalamu opanda chidindo chovomerezeka. Ku mbali ya Windows, khadi likakhala masekondi 2 osayankha, pulogalamuyo imadzutsanso dalaiva, ndipo nkhaniyo imalembedwa mu Event Viewer pa nambala 4101. Palinso Fast Startup, yomwe inayamba ndi Windows 8 mu 2012 ndipo imagoneka makina m'malo mowazimitsiratu, moti zipangizo zina zimafika ku Linux zisanayambirenso bwino. Aliyense wa dual-boot ayenera kuithimitsa tsiku loyamba lomwelo.

Vuto la mbali zonse ziwiri ndilo lofunika kudekha kwambiri, chifukwa khadi labwinobwino limatha kuoneka ngati lowonongeka pamene likumanidwa magetsi. Makhadi amakono amakoka magetsi ochuluka m'kanthawi kochepa kwambiri, kotero kuti bokosi logawa magetsi, lotchedwa PSU, likakhala lochepa mphamvu limadziteteza pozimitsa makina onse. Khadi la RTX 4090, lomwe linatuluka mu 2022, limafuna mawati 450 palokha, ndipo m'chaka chomwecho Nvidia inafotokoza kuti mapulagi ena a khadili anasungunuka chifukwa sanalowetsedwe mpaka kumapeto. Izi zikuonetsa kuti waya wosakhazikika si nkhani yochepa. Uthenga wa Xid 79, womwe dalaiva wa Nvidia amalemba mu Linux khadi likasiya kuoneka kwa makina, nawonso umalozera kawirikawiri ku magetsi, kutentha kapena khadi losakhala bwino m'malo mwake.

Chipangizo china chomwe chimaiwalika ndi memori ya RAM. Olumikiza ambiri amayatsa XMP kapena EXPO mu BIOS, momwe mumakhala makonzedwe oyambira a makina, kuti memori ithamange pa liwiro lolembedwa pa paketi yake, osadziwa kuti si makina onse amene amapirira liwiro limenelo, ndipo zolakwika zake zimatulukira ngati vuto la zithunzi. Kuthimitsa XMP ndi kuyesa memori ndi pulogalamu ya MemTest86 kwa maola angapo sikulira ndalama iliyonse.

Chomwe chimasokoneza kafukufuku yense ndi kusintha zinthu zambiri nthawi imodzi, pakuti munthu akasintha dalaiva, BIOS ndi mawaya tsiku limodzi, ngakhale vutolo litatha sangadziwe chomwe chalithetsa. Omvera amene akumana ndi vutoli asinthe chinthu chimodzi, ayese mu Windows ndi mu Linux momwe, alembe zomwe aona, ndipo asabweze khadi kwa wogulitsa asanaliyese mu kompyuta ina yomwe ikuyenda bwino.