Mbale Yatha: Kodi Mlendo Anyamuke Liti?

Makolo athu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu udabadwira pamudzi, pomwe mlendo amadya ulere ndipo mwini nyumba amadziwa kuti mawa kapena mkuja atsazikana. Masiku ano kuli alendo a mtundu wina, omwe timawaitana ndi chikwangwani cha pamsewu, timawapatsa chakudya iwo natipatsa ndalama. Amenewa ndi makasitomala a m'malesitilanti ndi m'malo ena odyera. Funso lomwe limazunguza mitu ya ophika ndi odya omwe nlakuti: munthu akatha kudya nalipira, akhale pampando nthawi yaitali bwanji pomwe anzake aimirira pakhomo ndi njala?

Nkhaniyi ingaoneke ngati ya anthu a m'tauni okhaokha, koma si choncho. Magulu ambiri a amayi omwe alangizi a chitukuko amagwira nawo ntchito, akatenga ngongole ku banki m'khonde, geni yomwe amafulumira kuiganizira ndi yophika nsima, mpunga, tchipisi, tiyi ndi mandasi pamsika wapafupi. Tomato, anyezi, mpiru, nyemba ndi nkhuku zomwe amaphikazo zimachokera m'dimba ndi m'khola mwa mlimi. Malo odyera akamagulitsa mbale zochepa, dengu la mlimi nalo limabwerera kumudzi lisadapepuke.

Kuti tiione bwino nkhaniyi, tiyeni tiwoloke mtsinje wa Songwe, tidutse Mbeya, Iringa ndi Morogoro mpaka tikafike ku Mikocheni, dera la m'boma la Kinondoni mumzinda wa Dar es Salaam. Dzinali lidachokera ku mikoche, mitengo ya mtundu wa migwalangwa yomwe imamera m'mbali mwa nyanja ya mchere. Lero m'derali mudadzaza nyumba zosanjikizana, maofesi, mafakitale, likulu la wailesi ya Radio One ndi kanema wa ITV, komanso yunivesite ya Kairuki yophunzitsa za chipatala. Kalembera wa m'chaka cha 2022 adapeza kuti mumzindawu muli anthu oposa 5 miliyoni, ndipo ochuluka mwa omwe amagwira ntchito sabwerera kunyumba masana chifukwa cha kutalika kwa mtunda ndi kuthithikana kwa magalimoto. Nkhomaliro amadyera komwe ali.

Ku Mikocheni malo odyera ali pawiri. M'mbali mwa msewu wa Mwai Kibaki, womwe kale unkatchedwa Old Bagamoyo, muli malesitilanti a magalasi ndi makina oziziritsira mpweya, komwe munthu angathe kuimba lamya kuti amusungire tebulo. Kuseri kwake, pafupi ndi mafakitale ndi malo omwe akumangapo nyumba, kuli amayi omwe eni dziko amawatcha mama lishe kapena mama ntilie. Amayiwa amaphika nsima yomwe kumeneko amati ugali, mpunga wa nyemba, nsomba ndi masamba, ndipo makasitomala awo ndi amisiri, alonda, anyamata a njinga zamoto ndi ogwira ntchito m'maofesi. Pakati pa odyawo sipalephera kupezeka Amalawi, ena ogwira ntchito za m'nyumba ndi m'minda ya maluwa, ena ochita malonda omwe abwera kudzatenga galimoto kudoko kapena kudzapikula katundu ku Kariakoo.

Pa benchi la mama lishe simupezapo chikwangwani cha nthawi. Wakudya amaona yekha mnzake ataimirira ndi mbale m'manja, ndiye akatha amasamba, kulipira, nkumusiyira malo. Vuto limakula m'malo momwe muli mipando yawofuwofu, intaneti yaulere ndi kanema wa mpira. Kumeneko munthu angathe kugula khofi mmodzi, nkutsegula kompyuta yake mpaka dzuwa kupendeka. Tsiku lomwe Simba ndi Yanga akukumana, monga zimakhalira kwathu Bullets ikamasewera ndi Wanderers, tebulo la anthu anayi lingathe kugwidwa mphindi 90 ndi kuposerapo ndi mabotolo awiri a zoziziritsa kukhosi.

Tisadamuweruze mwini malo yemwe amadandaula, tiyeni tichite naye masamu. Tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi matebulo 4, lililonse la mipando 4, ndiye kuti anthu 16 angadye nthawi imodzi. Makasitomala ake amafika pakati pa 12 koloko ndi 2 koloko masana. Aliyense akakhala mphindi 30, mpando uliwonse ulandira anthu anayi ndipo mayiyo agulitsa mbale 64. Aliyense akakhala ola lathunthu, mbale zitsika kufika pa 32. Lendi ya malo, makala, madzi, chiphaso cha kukhonsolo ndi malipiro a mtsikana womuthandiza sizitsika nawo. Nsima yotsala siigulitsika mawa, ndipo tsiku lobweza ngongole kugulu silisuntha. Choncho mayiyu sagulitsa chakudya chokha, amagulitsanso mpando kwa kanthawi, ndipo maola awiri a masanawo ndiwo dzinja lake.

Nchifukwa chake m'mizinda ikuluikulu monga London ndi New York malesitilanti ambiri amamuuziratu munthu posungitsa malo kuti tebulo ndi lake kwa mphindi 90 kapena maola awiri. Mchitidwewu udafala kwambiri m'zaka za 2020 ndi 2021, pomwe malamulo opewera Covid-19 adachepetsa chiwerengero cha anthu ololedwa kukhala m'chipinda chimodzi. Ku Moscow, m'chaka cha 2011, kudatsegulidwa malo otchedwa Ziferblat komwe kasitomala amalipira mphindi zomwe wakhala, pomwe tiyi ndi mabisiketi nzaulere. Eni malowo adangoulula poyera zomwe ena amachita nazo manyazi, zoti nthawi ili ndi mtengo.

Komabe lamulo la nthawi likagwira ntchito popanda umunthu limabala chitonzo. Mu Januwale 2014, sitolo ya McDonald's ya ku Flushing mumzinda wa New York idakangana ndi okalamba ochokera ku Korea omwe ankagula khofi nkukhala akucheza tsiku lonse. Pamalopo padali chikwangwani chopereka mphindi 20 zokha, ndipo ogwira ntchito adafika poitana apolisi. Nkhaniyo idautsa mkwiyo pakati pa anthu a mtundu wawo, mpaka mbali ziwirizo zidakhala pansi nkugwirizana kuti okalambawo azikhala nthawi yotalikirapo, kupatula kuyambira 11 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana pomwe anthu amachuluka. Mu Epulo 2018, ku Philadelphia, amuna awiri akuda adamangidwa m'sitolo ya Starbucks chifukwa chokhala pansi asadagule kanthu, akudikira mnzawo. Kampaniyo idapepesa, ndipo pa 29 Meyi chaka chomwecho idatseka masitolo ake oposa 8,000 masana onse kuti iphunzitse antchito ake za kuipa kwa tsankho. Idalolanso aliyense kukhala ngakhale asadagule, koma mu Januwale 2025 idabweza chilolezocho. Ngati kampani yaikulu chotere yakhala ikusinthasintha maganizo, ndiye kuti nkhaniyi si yamasewera.

Nkhani ziwirizi zikutiphunzitsa kanthu. Ya ku Flushing ikuonetsa kuti malire a nthawi amamveka akaikidwa pa maola okhawo omwe malo amadzaza. Ya ku Philadelphia ikuonetsa kuti lamulo loyang'ana nkhope ndi tsankho chabe. Kwathu kuno tsankholi limaonekera pa zovala. Mlimi yemwe wangogulitsa fodya ku Kanengo kapena ku Chinkhoma, nsapato zili ndi fumbi, amachotseredwa mbale asadamalize kusamba m'manja, pomwe bwana wa taye amasiyidwa akuwerenga nyuzipepala. Chikhalirecho ndalama ya awiriwa ndi imodzimodzi, ndipo kawirikawiri mlimiyo ndiye amabwera ndi anzake asanu.

Abale athu a ku Tanzania ali ndi mwambi woti mlendo ndi wa masiku awiri, tsiku lachitatu mpatse khasu. Mwalimu Julius Nyerere, yemwe nyumba yake ya ku Msasani ili moyandikana ndi Mikocheni, adautchula mwambiwu m'chaka cha 1962 pofotokoza za Ujamaa. Mfundo yake idali yakuti kuchereza alendo kudatheka pakati pa makolo athu chifukwa mlendo naye ankadziwa udindo wake. Mwambiwu suthamangitsa mlendo tsiku loyamba, komanso sumulola kusanduka mtolo. M'lesitilanti khasu la kasitomala ndi kuzindikira kuti yemwe waima pakhomo naye ali ndi ola limodzi lokha lopumira.

Palinso china chomwe Mmalawi wofika ku Dar es Salaam amachiona msanga, ndicho kulemera kwa mawu. Wogulitsa amayamba ndi karibu, kutanthauza kuti takulandirani. Wogula salamula kuti "ndipatse", amati naomba, ndiko kuti ndikupempha, ngakhale kuti chakudyacho alipira ndi ndalama yake. Yemwe walowa osapereka moni amaonedwa ngati wosaleredwa bwino. Mlendo achenjerenso ndi kawerengedwe ka nthawi, pakuti m'Chiswahili maola amayambira m'bandakucha. Akakuuzani kuti tebulo lanu lili saa saba mchana, akunena 1 koloko masana, osati 7 koloko. 

Tsono mwini malo achite chiyani? Choyamba, anene za nthawi munthu asadakhale pansi, osati nsima ili pakamwa. Kachikwangwani kolembedwa mwaulemu, kopempha makasitomala kuti pakati pa 12 koloko ndi 2 koloko azipatsana malo akatha kudya, kamachotsa manyazi kumbali zonse. Chachiwiri, nthawi iyambe kuwerengedwa chakudya chikafika patebulo. Nkulakwa kumudikiritsa munthu mphindi 40 nkhuku ikadali pamoto, kenaka nkumuimitsa atangodya mphindi 10. Liwiro liyambire kukhitchini: ndiwo zipse nthawi isadakwane, mbale zikhale zotsukiratu, ndipo ndalama ya chenje ikhale pafupi, chifukwa anthu ambiri omwe amaoneka ngati akuchedwa amakhala akudikira chenje chawo.

Chachitatu, yemwe akufuna kucheza apatsidwe pena pokhala. Benchi la pansi pa mtengo kapena pakhonde limasandutsa kuthamangitsa kukhala kusamutsa. Woperekera zakudya anganene kuti, "Pepani bambo, kodi mungalole kuti tiyi wanu ndikuperekereni pakhondepo kuti amayi awa adyeko?" Ndi ochepa omwe angakane pempho lotere. Kukokera mbale munthu akadatafuna, kupukuta tebulo momugunda chigongono, kapena kusesa pamapazi pake ndi mwano womwe sauiwala. Chachinayi, okalamba, olumala, odwala ndi amayi odyetsa ana asawerengeredwe mphindi. Ndipo malo akakhala opanda anthu, lamulolo ligone, pakuti tebulo lokhala ndi munthu limaitana odutsa kuposa tebulo lopanda kanthu.

Kufulumira kusaphe ukhondo. Mliri wa kolera womwe udabuka m'Malawi mu 2022 nkupitirira mpaka 2023 udapha anthu oposa 1,700. Anthu akamasinthana mofulumira pa mpando umodzi, mpamenenso pamafunika madzi othirira ndi sopo m'malo mwa beseni limodzi losambamo onse, komanso madzi aukhondo otsukira mbale. Mbale 64 zogulitsidwa lero zilibe phindu ngati mawa azaumoyo adzatseka malowo.

Kasitomala naye ali ndi mbali yake. Malamulo oteteza ogula, monga lomwe Malawi idakhazikitsa mu 2003 ndi la mpikisano wachilungamo pa malonda lomwe Tanzania idakhazikitsa chaka chomwecho, amafuna kuti wogula asanamizidwe pa zomwe akulipira. Koma kugula mbale ya mpunga si kugula mpando. Mukaona anthu aimirira, malizani, lipirani, thokozani, nkhani yotsalayo mukaimalizire panja. Ngati komiti yanu ya chitukuko kapena kalabu ya alimi ikufuna kuchitira msonkhano pamalo odyera, kambiranani ndi mwini wake kusadafike tsikulo, sankhani nthawi ya 3 koloko pomwe malo apepuka, ndipo gulani kanthu kolingana ndi nthawi yomwe mukhalepo. Mukakhumudwa ndi kena kake, itanani mwini malo pambali. Mtsikana woperekera zakudya sadapange lamulolo, ndipo kumukalipira pagulu sikufewetsa nyama yolimba.

Kwa inu alangizi omwe mumaphunzitsa magulu za mabizinesi ang'onoang'ono, phunziro la kasungidwe ka ndalama lisamathere pa mtengo wa ufa ndi mafuta ophikira. Apempheni amayiwo kuti kwa sabata imodzi awerenge anthu omwe adya, omwe abwerera pakhomo chifukwa chosowa malo, ndi nthawi yomwe mbale imatenga kuchoka pamoto kufika patebulo. Ena adzapeza kuti vuto si makasitomala ochedwa koma mbaula imodzi yomwe ikuchepa. Ena adzapeza kuti benchi limodzi lowonjezera lingabweze ngongole msanga kuposa kukweza mtengo wa nsima. Kenaka achite sewero, wina akhale kasitomala wokakamira pampando, wina akhale mwini malo, mpaka apeze mawu omuimitsira munthu iye nkuchoka akumwetulira.

Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mwambiwu ukukhudza onse awiri, wophika ndi wakudya. Pamsika wa kwathu anthu ndi omwewo tsiku ndi tsiku, ndipo yemwe wanyamuka lero mwaulemu ndi yemweyo adzakhale pampandowo mawa.