Ng'oma Siilira Isanawambidwe

Loweruka lapitali, dzuwa litalowa kumtunda ndipo nyali za asodzi a usipa zitayamba kuthwanima kupyola chilumba cha Namalenje ngati mudzi woyandama pamadzi, ndinali nditakhala pamchenga wa ku Senga Bay pamodzi ndi khamu limene linadza kudzamva anyamata a ku Chileka, a Black Missionaries, amene tonse timangowatcha Ma Blacks. Ndati anyamata chifukwa cha chizolowezi cha pakamwa, pakuti gulu limene laimba zaka zoposa 20, naika m'manda atsogoleri ake awiri, osamwazikana, layenera kale kupatsidwa mpando pakati pa akulu.

Chimene chandigwiritsa cholembera lero ndi kanthu kakang'ono kamene kanachitika nyimbo isanayambe. Oimba atakwera pansanja, aliyense anaweramira chida chake: wa gitala ankapotoza tizitsulo ta nsambo, namvetsera, napotozanso, wa bezi ankakhudza nsambo imodzi yokha ngati munthu woyesa kuya kwa mtsinje ndi ndodo, wa ng'oma naye ankagogoda chikopa chilichonse pachokha. Aliyense wodziwa kunyanja adziwa kuti chinyezi ndi mphepo ya usiku sizisiya nsambo monga zinazipezera, ndipo gitala yochunidwa bwino ku Blantyre iyenera kuchunidwanso ikafika ku Salima. Koma kumbuyo kwanga kunali kagulu ka achinyamata amene, mphindi zisanu zisanathe, anayamba kuimba malikhweru, ndipo mmodzi wa iwo anafuula kuti, "Tayambani madala, mwina tingoika fulashi!" Anzake anaseka. Ine mtima unandiwawa monga umawawira pamene mwana wadula mawu a mkulu pabwalo.

Kodi tinayamba liti, abale anga, kuyesa kuti kukonzekera ndi kutaya nthawi? Ife amene tinakulira m'midzi ya Achewa tidziwa bwino kuti gule wamkulu asanatuluke kudambwe, oimba ng'oma amasonkha moto wa udzu pambali pa bwalo, nawamba mbalule ndi mpanje, naziyesa ndi chikhatho, nazibwezeranso kumoto, namata phula pakati pa chikopa kufikira mawu atakhala pamalo pake. Ndipo m'nthawi yonseyo amayi amangoomba m'manja pang'onopang'ono, ana amakhala pansi, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene angalimbe mtima kuuza mwini mbalule kuti afulumire. Kudikirako kunali chiyambi cha gule, pakuti pamene ng'oma inali kuwambidwa ndi pamenenso mitima ya anthu inali kufunda. Makolo sananame pamene anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mawu akuti fulashi aja anandikumbutsa chilonda chakale. Zaka zingapo zapitazo ndinalipira ndalama zanga pakhomo la holo ina, kuti ndikaone woimba wachinyamata amene dzina lake linali pakamwa pa aliyense. Anafika yekha, wopanda gitala, wopanda mnzake, napereka kafulashi kwa woseweretsa makina, nayamba kudumpha uku ndi uku pamene mawu ake omwe, ojambulidwa kale mu situdiyo, anali kutuluka m'masipika. Pakati pa nyimbo yachitatu makina anaima, ndipo mnyamatayo anaima nawo, maikolofoni ali m'manja, wosakhoza kupitiriza ngakhale mzere umodzi ndi kholingo lake. Ndinatuluka ndi chisoni, ndipo chisoni changa chachikulu chinali pa ife amene tinamuombera m'manja kufikira iye atakhulupirira kuti umenewo ndiwo uimbi. Mwana amene sanaonepo ng'oma ikuwambidwa ayesa kuti imabadwa ikulira.

Koma pamchenga paja, kuchuna kutatha, bezi inagunda kamodzi, ndipo ndinaimva ikudutsa mumchenga ndi kukwera m'miyendo kufikira pachifuwa. Ng'oma inalowa, kiyibodi inatsata, ndipo mawu a Anjiru Fumulani atatuluka khamu lonse linanyamuka ngati munthu mmodzi. Pamenepo ndinalingalira za ulendo umene mawu amenewo ayenda kuti adzatipeze ife kunyanja. Atate awo, malemu Robert Fumulani, anali kuimba kale ndi gulu lawo la Likhubula River m'zaka za m'ma 1970, m'Chileka momwemo m'mene munatulukanso Daniel ndi Donald Kachamba, amene magitala awo anakamveka mpaka ku Ulaya. Evison Matafale, amene anayambitsa gulu la Ma Blacks natipatsa zimbale za Kuimba 1 ndi Kuimba 2, anamwalira mu Novembala 2001 ali m'manja mwa apolisi. Musamude Fumulani, amene ananyamula katunduyo pambuyo pake, anatsikira kuli chete mu 2007. Koma otsalawo anatola zida, napitiriza kuwerenga ma Kuimba awo, nayendayenda m'dziko lino kuyambira ku Nsanje kufikira ku Karonga. Zala zimene zadutsa m'zonsezi zikapempha mphindi khumi kuti zikonze nsambo, ndani mwa ife angazimane?

Ndipo tisayese kuti dziko lapansi lanyansidwa ndi akulu ogwira magitala. Abale athu a ku Zambia ali ndi gulu la WITCH, limene linagwedeza Lusaka ndi Kitwe ndi nyimbo za rock m'zaka za m'ma 1970. Mtsogoleri wake, Emmanuel "Jagari" Chanda, anatha zaka zambiri akukumba miyala yamtengo wapatali, anthu atamuiwala, koma lero wabwerera pansanja za ku Ulaya ndi ku Amereka, ndipo mu 2023 gululo linatulutsa chimbale chatsopano chotchedwa Zango. Kwathu kuno agogo Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930, anadikira kufikira zaka 90 kuti achinyamata a maiko akutali adziwe dzina lawo. Alleluya Band ya ku Balaka, imene Paul Banda anaiyamba mu 1978, inalera oimba ambiri, mmodzi wa iwo malemu Lucius Banda, amene anasonkhanitsa makamu pamchenga uno wa Salima ndi Sand Music Festival. Onsewa anaphunzira ntchito yawo monga Davide mwana wa Jese anaphunzirira zeze kubusa, zaka zambiri asanaitanidwe kukatonthoza mtima wa mfumu Sauli.

Ndikhulupirira kuti inu owerenga muvomerezana nane kuti mtundu wosakhoza kudikira gitala mphindi khumi sungakhoze kudikira mwana zaka khumi kuti aphunzire kuiimba. Ndipo tikapitiriza kufuulira fulashi, tsiku lidzafika pamene Chileka ndi Balaka adzakhala chete, ife n'kumadabwa kuti oimba anapita kuti. Chifukwa chake ndipempha okonza maphwando kuti apatse magulu a zida nthawi yokwanira yokonzekera, ndipo ndipempha makolo kuti mwana akapempha gitala asamuyese wosokonekera.

Achinyamata aja ndinawaona akuvina kufikira tambala woyamba, akuimba mawu onse a nyimbo za Matafale, amene anamwalira ena a iwo asanabadwe, ndipo mtima wanga unawakhululukira. M'mawa mwake, poyenda m'mbali mwa nyanja, ndinapeza asodzi atafika ndi usipa, ndipo ena atayala kale makoka awo pamchenga, akusoka diso lililonse long'ambika, mosafulumira, dzuwa likuwaomba pamsana. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, ndipo ndinalakalaka mnyamata wa fulashi uja akadakhala pambali panga, kuti aone chimene chimachitika masana kuti nyali zija zikawale usiku.