Tiziyang'ana chiwindi tikazinga mbuzi



Ife amene timaitanidwa kukazinga mbuzi pa Idi, pa ukwati ndi pa sadaka timaona zinthu zimene mwini mbuzi saona. Mbuzi kunja ikuoneka bwinobwino, koma tikatumbula, chiwindi n'cholimba, chamizere yoyera, ndipo ukachicheka mukutuluka nyongolotsi zaphwatalala ngati tsamba. Mwini wake amangoti, “Dulani poipapo, chotsalacho tiwotche.” Ayi, abale. Chiwindi chotere n'chokwirira, osapatsa ngakhale galu.

Nyongolotsi zimenezi zimadzera m'nkhono za m'madzi. Mazira amatuluka ndi ndowe, n'kuswa m'madzi, tizilombo n'kulowa m'nkhono. Tikatulukamo timamatirira pa udzu wa m'mbali mwa madzi, mbuzi kapena ng'ombe n'kudya. Likodzo nalonso limadzera m'nkhono, kusiyana kwake n'kwakuti ilo limalowa pakhungu la munthu, pamene izi zimalowera kukamwa. Ndiye taganizani: mu Okutobala kumtunda kukauma, tonsefe timathamangitsira ziweto kudambo ndi m'mphepete mwa nyanja, pomwe pali nkhonozo. Sitikunena kuti ziweto zife ndi njala, koma mwana wobusa timuuze kuti azidyetsa pouma, asamazilowetse m'zithaphwi.

Palinso njoka zina za m'mimba zoyamwa magazi, zimene zimachuluka nthawi ya dzinja. Tsegulani chikope cha m'munsi cha mbuzi yanu. Chikakhala chofiirira, zili bwino. Chikayera ngati pepala, ndiponso pansi pa chibwano patatupa, magazi atha, ndipo mbuziyo ili pafupi kukusiyani.

Pamene tikulakwitsa kwambiri ndi pa mankhwala. Timagula m'bulu umodzi pa tsiku la msika, kwa munthu woti sanaione n'komwe mbuziyo, n'kuugawa kwa mbuzi zinayi kuti tisunge ndalama. Ifenso tinachitapo zimenezi, ndipo chaka chimenecho tinataya ana a mbuzi awiri. Mankhwala operewera amapha nyongolotsi zofooka zokha, zamphamvu zimatsala n'kuberekana, mapeto ake mankhwalawo amasiya kugwira. Mlingo umatsata kulemera kwa chiweto. Komanso si mankhwala onse a njoka amene amapha za m'chiwindi, ndipo ena, monga albendazole, sapatsidwa kwa mbuzi imene yangotenga bere. Tikamwetsa, tidikire masiku olembedwa pa botolo tisanazinge kapena kukama.

Maganizo athu ndi awa. Paukonde timasonkherana, bwanji pa mbuzi? Mabanja 10 asonkhe, agule botolo limodzi losatsegula, aitane alangizi a ziweto, timwetse mudzi wonse tsiku limodzi mvula ikamayamba ndi pamene ikutha. Khola likhale lam'mwamba kuti mbuzi zisagone pa ndowe. Amayi, nkhuku musaziiwale: khola lizisesedwa ndi kuthiridwa phulusa, udzu wa m'chisa uziwotchedwa anapiye akangoswa, poti utitiri umathawitsa thadzi pamazira.

Ofuna kulowa nawo m'gulu losonkha tionane Lachisanu tikatuluka mu mzikiti, aliyense abwere akudziwa chiwerengero cha mbuzi zake ndi zimene zili ndi bere.