Zilembo zokongoletsa zingatiphonyetse fataleza

Mvula ikayandikira, alimi timatchera khutu ku Kafue Industrial Area, kumene Nitrogen Chemicals of Zambia imapanga fataleza wa D Compound. Masiku ano zidziwitso zimayenda pa lamya, koma alembi ena a makopaletivu ndi maparishi amakopera pa intaneti zilembo zonenepa zokongoletsa. Zilembozi zinalowa mu Unicode mu 2001 kaamba ka masamu, ndipo pa kalamya ka mabatani zimasanduka timabokosi. SMS imodzi imanyamula zilembo wamba 160, koma zonenepazi 35 zokha.

Alembi athu, pa WhatsApp tizingoika nyenyezi uku ndi uku, *chonchi*. Pa SMS tizilemba TSIKU ndi MTENGO m'zilembo zazikulu, kuti agogo akumudzi asaphonye thumba lawo.