Chenjezo: Mafuta a m'masaya akachotsedwa sameranso

Inu amene mukusunga ndalama kuti mukachotsetse mafuta a m'masaya, imani kaye mumve izi.

Opaleshoniyi inatchuka mu 2021 munthu wina wotchuka, Chrissy Teigen, ataulula pa Instagram kuti anachitidwa, kenaka inawanda pa TikTok chakumapeto kwa 2022. Oitsatsa amaichepsa: akuti dokotala amangocheka pang'ono mkati mwa kamwa, nkutulutsa kamtanda ka mafuta, ola lisanathe mwabwerera kwanu, panja popanda chipsera. Zonsezo nzoona. Chimene sanena ndi cha mawa.

Kamtandako, komwe Xavier Bichat wa ku France anakafotokoza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, si mafuta obwera ndi kunenepa. Munabadwa nako. Kamakhala pakati pa minofu yotafunira, ndipo madokotala a m'kamwa amakagwiritsa ntchito potseka bowo lotsala akazula dzino lam'mwamba kapena akachotsa chotupa. Mukakataya chifukwa cha zithunzi, tsiku lomwe kadzafunike kadzakhala kulibe.

Vuto lalikulu ndi zaka. Nkhope imaphwa yokha munthu akamakula. Masaya amene mukuwada lero muli ndi zaka 22 ndi omwe akanakugwirirani khungu mukadzafika zaka 45. Mukawachepetsa msanga, nkhope ikhoza kudzalowa ngati ya munthu amene wadwala nthawi yayitali, anthu nkumakupatsani zaka zimene mulibe. Kubwezeramo mafuta a pamimba kapena kubaya mankhwala odzazira ndi ndalama zinanso, ndipo nkhope sibwerera mwakale.

Pamalo pochekapo pamadutsanso nthambi za mtsempha woyendetsa nkhope komanso kanjira kotulutsa malovu. Mpeni ukaphonya, mlomo umatha kupindikira mbali imodzi pomwetulira, kapena malovu kumaunjikana m'tsaya. Ena amatsala tsaya lina lolowa kuposa linzake, ndipo izi zimaonekera patapita miyezi, kutupa kutatha, ndalama zitapita kale.

Ngati mtima wakana kubwerera, musapite kwa munthu amene mwamudziwira pa foni pokha. Fufuzani ngati ali m'kaundula wa madokotala: Medical Council of Malawi kuno, HPCSA ku South Africa, GMC ku Britain. Mufunseni zithunzi za anthu amene anawachita zaka khumi zapitazo, osati za mwezi watha. Wa nkhope yowonda kale asayerekeze nkomwe.

Amene mwachitidwa kale, mukaona magazi osaleka, mafinya, kutentha thupi, kutupa kokulirakulira mbali imodzi kapena mlomo wosayenda, pitani kuchipatala lero lomwe.