Cigamba Catsopano pa Makina Akale a Masewero

M'manyumba ambiri a m'maparishi athu, pafupi ndi wailesi ya kanema, mumapezeka kabokosi koyera ka masewero a ana kochedwa Wii. Kampani ya Nintendo ya ku Japan inatulutsa makina amenewa m'caka ca 2006, ndipo inagulitsa oposa 101 miliyoni pa dziko lonse lapansi. Kumaiko kumene anayambira anthu ambiri anawaika kale padera nagula ena atsopano, n'cifukwa cake afika kwathu kuno pa mtengo wotsika. Ena anawalandira kucokera kwa acibale a ku Britain kapena ku South Africa. Ena anawagula pa msika, kwa mnyamata amene anawatsimikizira kuti "zonse zili kale m'kati."

Mau akuti "zili kale m'kati" ndiwo tifuna kukambirana mwezi uno. Atanthauza kuti munthu wina amene sitimdziwa, m'caka cimene siticidziwa, analowetsa m'makinamo mapulogalamu amene eni kampani sanaikemo. Nchito yakeyo tsopano inakalamba. Masewero ena amayamba kukana, mwana amamva kwa anzake kusukulu kuti makina afunika kuwakonzanso, ndipo madzulo amodzi cabe mphatso imene bambo anaisungira ndalama miyezi itatu imasanduka cinthu cosayaka. Cotsatira cake ndi misozi, kulozana zala pakati pa ana, ndi mau aukali amene kholo limadzacita nawo cisoni pambuyo pake. Zonsezi zingapewedwe ngati ife makolo tidziwako pang'ono za makina amene tawalola kulowa m'nyumba.

Kodi anaikamo ciani?

M'caka ca 2008, gulu la akatswiri a kompyuta lochedwa Team Twiizers linapeza polowera m'makina a Wii kudzera m'sewero la The Legend of Zelda: Twilight Princess. Anapatsa kavalo wa m'seweroli dzina lalitali kopitirira muyeso, makina anasokonezeka powerenga dzinalo, ndipo khomo linatseguka. Pa khomo limenelo anamangapo pulogalamu yochedwa Homebrew Channel. Dzinali likamba za zinthu zofulula kunyumba, monga momwe amai amafululira thobwa lao osapita kukagula cakumwa ku sitolo. Kudzera m'pulogalamuyi munthu angayendetse mapulogalamu olembedwa ndi anthu wamba.

M'kati mwa makinawa mulinso timapulogalamu tambiri tochedwa IOS, kalikonse m'cipinda cake cokhala ndi nambala. Ndito timene timathandiza sewero kulankhulana ndi ziwalo za makina. Okonza makina amaika timapulogalamu tao tosinthidwa, tochedwa cIOS, maka-maka m'zipinda za nambala 249 ndi 250, kuti masewero aziwerengedwa kucokera pa hard drive m'malo mwa cimbale. Timene tinaikidwa cakuma 2009 ndi 2010 tinali ndi zolakwika zambiri zimene zinadzakonzedwa m'mtundu wina wa pambuyo pake wochedwa d2x. Coipa kwambiri n'cakuti okonza ena a nthawi imeneyo, pofuna kufulumira, anasintha zipinda pafupi-fupi zonse nthawi imodzi. Kunja makina otero amaoneka bwino-bwino, koma paja akulu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Batani loopsa

Mwana akaona kuti sewero lakana, maganizo ake oyamba ndi kukanikiza batani lolandirira zatsopano za kampani. Apa mpamene ambiri agwera. M'mwezi wa September 2009, Nintendo inatulutsa pulogalamu yaikulu ya makinawa ya nambala 4.2, ndipo cimodzi mwa zolinga zake cinali kufafaniza nchito ya okonza. Inacotsa Homebrew Channel, niika timapulogalamu topanda kanthu m'zipinda 249 ndi 250. Inalembanso mwatsopano mbali ya makina yochedwa boot2, imene imagwira nchito poyatsa, ndipo makina ena, ngakhale amene sanakhudzidwepo ndi wokonza aliyense, sanayakenso. Mu June 2010 kunabwera 4.3, imene inakhala yotsiriza. Makina akafa motere anyamata amati asanduka brick, ndiko kunena kuti njerwa. Tidziwenso kuti zimbale zina za masewero zimanyamula zosintha za kampanizi, ndipo zimapempha kuzilowetsa sewero lisanayambe.

Palinso nkhani ya kumene makina anacokera. Nintendo inawagawa m'zigawo zinai, ndipo cigawo cimaoneka pa cilembo cotsatira nambala ya pulogalamu yaikulu: E ndi ya ku Ulaya ndi maiko ena monga South Africa, U ndi ya ku America, J ndi ya ku Japan, K ndi ya ku Korea. Kulowetsa pulogalamu yaikulu ya cigawo cina kungapundule makina. Amalonda ena anagula makina a ku Korea nawasintha kuti azioneka ngati a ku Ulaya kapena a ku America. Makina otero akalandira 4.2 kapena 4.3 amaonetsa mau akuti Error 003, basi n'kuima pomwepo. Ngakhale cingwe ca magetsi cifunika kuciwerenga: ca ku America cinapangidwira mphamvu ya mavoti 120, ca ku Japan 100, pamene magetsi athu m'Zambia ndi a 230.

Mu Uthenga Wabwino wa Marko, mutu 2, Ambuye anatenga citsanzo ca cigamba ca nsalu yatsopano cosokedwa pa cobvala cakale. Iwo anali kuphunzitsa za Ufumu wa Mulungu, koma nzeru ya telala imene anagwiritsa nchito ndi yoona ngakhale pa makina. Cigamba cabwino, cikasokedwa ndi munthu wosayang'ana nsalu, cimakulitsa cibowo. Ndipo lero kulibe telala wa kampani wotithandiza: masewero a pa intaneti a Nintendo pa makinawa anatsekedwa mu May 2014, sitolo yake ya Wii Shop Channel inatsekedwa mu January 2019, ndipo m'caka ca 2020 kampani inaleka kukonza makinawa ngakhale kwao ku Japan.

Ndondomeko yoyenera

Coyamba ndi kufunsa ngati kukonzako kuli kofunikadi. Makina akamagwira nchito ndipo ana akusangalala nawo, kuwasiya momwemo ndi nzeru. Kusintha cinthu cifukwa cakuti mnzathu wa pa nyumba yoyandikana wasintha ndi ciyambi ca mabvuto ambiri.

Ngati kukonza kwafunikadi, caciwiri ndi kudziwa zimene zili m'kati. Safunsa anadya phula. Nambala ndi cilembo za pulogalamu yaikulu zimaoneka pa ngodya ya kumwamba ca kumanja, pa tsamba losinthira kacitidwe ka makina. Kapulogalamu kochedwa sysCheck kamalemba mndandanda wa zipinda zonse ndi zimene zilimo. Munthu wodziwa akawerenga mndandandawo amazindikira zimene wokonza woyamba anacita, monga sing'anga amene ayamba wapima asanapereke mankhwala.

Cacitatu, cimene ciposa zonse, ndi kusunga cithunzi ca zonse za m'makina tisanakhudze kalikonse. Pulogalamu ya HackMii Installer imaika Homebrew Channel yatsopano pamodzi ndi ina yochedwa BootMii. BootMii imakopera nkhokwe ya m'kati mwa makina, ya ukulu wa mamegabaiti 512, pa khadi la SD, ndipo imatulutsa mafayilo awiri, nand.bin ndi keys.bin. Mafayilowa ndi a makina amodzi okhawo. A mnzathu sangatithandize, pakuti makina alionse ali ndi makiyi ace-ace. Tiwakopere pa kompyuta ndi pamalo ena aciwiri, monga momwe timasungira khadi la ubatizo ndi zikalata za nyumba. Pa makina ambiri a m'zaka ziwiri zoyambirira BootMii imatha kukhala mu boot2, ndipo pamenepo ingaukitse makina ngakhale ataonongeka kwambiri. Pa makina a pambuyo pake citetezo cake n'cocepa, cotero kusamala kufunika kuwirikiza.

Cacinai ndi kuika mlonda. Kapulogalamu ka Priiloader kamayamba kugwira nchito pulogalamu yaikulu isanatseguke, ndipo kamapatsa munthu polowera zinthu zikasokonekera. Kangathenso kuletsa zimbale ndi intaneti kulowetsa zosintha za kampani, cimene ndi cithandizo cacikulu m'nyumba ya ana ang'ono okonda kukanikiza batani lililonse.

Pamenepo mpamene tingayambe kucotsa zakale ndi kuika zatsopano, cimodzi-cimodzi, tikuyesa sewero pambuyo pa kusintha kulikonse. Malangizo akhale a posacedwa, ocokera pa malo amodzi odalirika. Kanema wa pa YouTube wojambulidwa m'caka ca 2010 angakhale womveka bwino, koma aphunzitsa njira zomwe zija zimene tikuyesa kucotsa. Kusakaniza malangizo a anthu atatu osiyana kuli ngati kumwa mankhwala a zipatala zitatu tsiku limodzi.

Cotsiriza ndi magetsi. Tonse tikumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinatsitsa madzi m'nyanja ya Kariba ndipo magetsi anali kuzima kwa maora ambiri pa tsiku. Magetsi akazima makina ali pakati polemba m'nkhokwe yake, njerwa ija ingabadwe pomwepo. Nchitoyi icitidwe pa nthawi imene magetsi ali odalirika, kapena pa nyumba yokhala ndi batire ndi inverter. Isacitidwe usiku mothamanga cifukwa cakuti m'mawa mwake kubwera alendo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Funso la cikumbumtima

Tikadziwa kakonzedwe, patsala funso lina limene mkristu sangalilumphe: kodi khomo limeneli talitsegulira ciani? Kampani ya Nintendo sibvomereza kusintha makina ake, ndipo ici tiyenera kucidziwa. Komabe pali zabwino zimene anthu acita nalo khomoli. Makina amene akanatayidwa ku dzala akugwirabe nchito, ndipo malemu Papa Francis, m'kalata yao ya Laudato Si' ya 2015, anadzudzula kwambiri cizolowezi cotaya zinthu zimene zikanakonzedwa. Cipangizo cowerenga zimbale cikatopa, banja lingapitirize kusewera masewero amene linagula. Acicepere ena aphunzira kulemba mapulogalamu poyambira pa makina omwewa.

Koma tisadzinamize. Nthawi zambiri makina a pa msika amabwera ndi hard drive yodzaza ndi masewero mazana-mazana amene palibe anawalipira. Lamulo lacisanu ndi ciwiri la Mulungu liletsa kuba, ndipo silinapatule katundu wosagwirika ndi manja. Sewero lililonse ndi thukuta la anthu olemba, ojambula ndi oimba, amene ali ndi mabanja monga ife. Dziko lathu nalonso lili ndi lamulo la Copyright and Performance Rights Act la 1994, loteteza nchito za nzeru, kuphatikizapo mapulogalamu a kompyuta. Wina adzati: "Nanga sitolo inatsekedwa, ndipo ife ndife osauka." Mau awa ali ndi kulemera kwake, ndipo sitifuna kusenzetsa mabanja katundu wa mantha. Koma zimbale zakale zenizeni zikali kugulitsidwa ndi kubwerekana, ndipo masewero si cakudya kapena mankhwala kuti munthu anene kuti njala inamkakamiza. Cacikulu n'cimene mwana akuphunzira. Akazolowera kuti cinthu cosaoneka mwini wake ndi ca aliyense, adzapita ndi maganizo omwewo m'cipinda ca mayeso ndiponso ku ofesi. M'mera mpoyamba.

Pali cinanso. Pa bokosi la cimbale ca ku Ulaya pamalembedwa zaka za woyenera kusewera: 3, 7, 12, 16 kapena 18. Pa hard drive palibe bokosi. Masewero a mpira ndi a magalimoto amakhala pamzere umodzi ndi a kuphana, oyenera akulu okha. Tsiku lokonza makina likhalenso tsiku lakuti bambo kapena mai akhale pansi ndi ana, awerenge mndandanda wonse, ndi kugwirizana zotsala ndi zocotsa. Ngati makina adzalumikizidwa ku intaneti kudzera m'njira za anthu wamba monga Wiimmfi, imene inayamba m'caka ca 2014, kholo lidziwe kuti mwana akusewera ndi alendo a kumaiko akutali.

Citsanzo ca mnyamata woyera

Eklezia watipatsa nkhoswe yodziwa zinthu izi. Carlo Acutis anabadwira ku London m'caka ca 1991, nakulira ku Milan, namwalira ku Monza pa 12 October 2006 ali ndi zaka 15, patatsala mwezi umodzi kuti makina a Wii ayambe kugulitsidwa. Anadziphunzitsa yekha za kompyuta, nagwiritsa nchito luso lake kusonkhanitsa mbiri ya zozizwitsa za Ukaristia. Anali ndi makina a PlayStation ndipo anali kuwakonda, koma malinga ndi umboni wa amai ake, anadziikira malire a ora limodzi pa sabata. Papa Leo XIV anamlengeza kukhala woyera pa 7 September 2025. Makina a Wii amalemba okha tsiku ndi tsiku, pa bolodi la mauthenga, dzina la sewero ndi nthawi imene latenga. Banja lingawerenge kalata imeneyi pamodzi Loweruka madzulo, mwa cikondi, ndi kuona ngati homuweki, nchito za pakhomo ndi Korona zikali ndi malo ake.

Pafupi-fupi m'parishi iliyonse muli mnyamata kapena mtsikana wodziwa bwino za makina. Tiwapemphe m'miphakati yathu kuti athandize mabanja, kholo lili pomwepo likuona ndi kufunsa. Wacicepereyo adzadziwa kuti luso lake lili ndi malo mu Eklezia, makolo adzacotsa mantha, ndipo ana adzaona akulu akucita cinthu mwa dongosolo ndi moona mtima. Tisanakanikize batani lililonse mwezi uno, tiyambe tafunsa, tasunga cithunzi ca makina, ndipo tayang'ana mndandanda wa masewero pamodzi ndi ana athu. Woyera Carlo Acutis, mutipempherere ife ndi ana athu.