ZA PANYUMBA: Mawaya a Magetsi Asalumikizidwe ndi Munthu Wamba

Kucokera mu 2003, pamene Boma linakhazikitsa bungwe la Rural Electrification Authority, magetsi akhala akufalikira ku masukulu, zipatala ndi midzi ya kuno kum'mawa. Ici ndi citukuko cokondweretsa, koma awerengi athu azindikire kuti nchito ya ZESCO imathera pa mita. Mawaya onse a m'kati mwa nyumba ndi udindo wa mwini nyumba.

Ambiri, pofuna kusunga ndalama, amaitana mnyamata wodziwa kukonza wailesi kuti awalumikizire nyumba yonse. Apa ndi pamene ngozi imayambira. Magetsi a m'nyumba ali ndi mphamvu ya mavoti 230, yokwanira kupha munthu wamkulu. Waya wa nyale ndi wocepa, wa masoketi ndi wokulirapo, ndipo wa citofu ndi wokula koposa. Mukapatsa waya wocepa katundu wa citofu, umatentha, cikopa cake cimasungunuka, ndipo moto umabuka kudenga anthu ali m'tulo. Fyuzi ikapsa, ikucenjeza kuti pali colakwika. Kuimanga ndi waya wamba ndiko kucotsa mlonda pakhomo. Nyumba iliyonse ikhalenso ndi waya wopita m'nthaka, umene umapulumutsa munthu akagwira citsulo colowa magetsi.

M'caka ca 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, mabanja ambiri anagula majenereta ndi masola. Jenereta yolowetsedwa pa soketi ya m'nyumba imabweza magetsi ku mawaya a panja, ndipo ingathe kupha wanchito amene wakwera pa mtengo akukhulupirira kuti magetsi azimitsidwa. Pamafunika swichi yapadera yolekanitsa nyumba ndi mawaya a ZESCO, yoikidwa ndi mmisiri.

Tsono musanapangane mtengo ndi mmisiri, mupempheni akuonetseni cikalata ca maphunziro ake covomerezedwa ndi TEVETA. Funsani kumene anaphunzira, pakuti ngakhale kuno tili ndi sukulu ya za umisiri, Chipata Trades Training Institute. Funsaninso nyumba zimene anagwirapo kale, mukamve kwa eni ake. Mmisiri weniweni sakwiya ndi mafunso otere, ndipo akamaliza amapima mawaya onse asanayatse. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Inu a ku Feni, Chiparamba ndi Kalichero amene mukuyembekeza mita, sungani ndalama ya mmisiri pamodzi ndi ya malata ndi simenti. Kumanganso nyumba yopsa kumadya ndalama zambiri kuposa zimene munafuna kupulumutsa.